Maola 6 sanamukwanire Tolstoy: zimene BBC inataya pojambula War and Peace

M'buku la War and Peace, la Leo Tolstoy wa ku Russia, muli mnyamata wina, Nikolai Rostov, amene akulowa nkhondo koyamba ku Schöngrabern m'chaka cha 1805. Ali pa kavalo, lupanga lili m'manja, mtima uli dyokodyoko kufuna kudula mdani. Mwadzidzidzi kavalo wake akuwomberedwa ndipo iye akupezeka ali pansi, mkono utavulala. Podzuka akuona asilikali a ku France akuthamangira komwe iye ali, ndipo akudabwa kuti anthuwa angafune bwanji kupha iye, mwana amene amayi ake ndi abale ake onse amamukonda. Akusolola pisitolo, koma m'malo mowombera akuigenda kwa mdaniyo ngati mwala, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka kulowera kutchire. Patapita masiku, anzake Boris ndi Berg akumufunsa mmene zinayendera. Nikolai si munthu wabodza, ndipo akuyamba ndi mtima wofuna kunena zoona. Koma anzakewo akudikira nkhani ya ngwazi, ngati zimene anamvapo kwa ena, ndiye pang'onopang'ono, iye osazindikira n'komwe, akuwauza zimene makutu awo akufuna, kuti anawulukira adani ngati mphepo yamkuntho n'kumawadula uku ndi uku.

Ndimakumbukira ndime imeneyi nthawi zonse ndikamaganiza za sewero la pa wailesi yakanema limene BBC inapanga kuchokera m'bukuli. Linayamba kuonetsedwa pa 3 January 2016, m'zigawo 6. Analilemba ndi Andrew Davies, yemweyo amene analemba Pride and Prejudice ya BBC ya 1995, ndipo anatsogolera kujambula ndi Tom Harper. Paul Dano ndi amene anali Pierre Bezukhov, Lily James anali Natasha Rostova, ndipo James Norton anali Andrei Bolkonsky. Anakajambula ku Russia, ku Lithuania ndi ku Latvia, m'nyumba zachifumu zenizeni, pa chipale chofewa chenicheni. Ndi sewero lokongola, ndipo sindikukana kuti pena limagwira mtima. Koma linachita zomwe anachita Nikolai zija. Linayamba ndi mtima wofuna kunena zimene Leo Tolstoy analemba, koma oonera anali kudikira nkhani ya chikondi ndi ya nkhondo ya mtundu umene anazolowera, ndiye linawapatsa yomweyo.

Kuti izi zimveke, tiyambe taona kukula kwa katundu amene ankafuna kunyamulayo. Tolstoy analemba bukuli kuyambira 1863 mpaka 1869, ndipo mbali yake yoyamba inatuluka m'magazini mu 1865. M'zosindikiza zambiri za Chingerezi limapitirira masamba 1,200, ndipo muli anthu oposa 500, ena opeka, ena enieni monga Napoleon, Mfumu Alexander I ndi mkulu wa asilikali a ku Russia Kutuzov. Nkhani imayambira pa phwando la Anna Pavlovna Scherer ku St Petersburg mu July 1805, imadutsa m'nkhondo ya ku Austerlitz, kulowa kwa Napoleon m'dziko la Russia mu 1812, nkhondo ya ku Borodino ndi kupsa kwa mzinda wa Moscow, n'kukathera mu 1820. Tolstoy mwiniyo nkhondo anaiona ndi maso ake pamene anali msilikali ku Sevastopol m'nkhondo ya ku Crimea, ndipo ankakana kuti chimene analembachi chitchedwe nthano yopeka wamba, ndakatulo, kapena buku la mbiri yakale.

BBC yomweyo inajambulapo bukuli mu 1972, Anthony Hopkins ali Pierre, ndipo inatenga zigawo 20, pafupifupi maola 15. Kanema wa Sergei Bondarchuk wa ku Soviet Union, amene anatuluka m'zigawo zinayi mu 1966 ndi 1967, amatenga maola pafupifupi 7, ndipo iyenso anasiya zambiri. Sewero la 2016 linali ndi maola 6 ndi kadontho. Gawani masamba 1,200 ndi zigawo 6, mupeza kuti ola lililonse liyenera kumeza masamba 200. Wolemba sewero akapatsidwa ntchito yotere amasankha chingwe chimodzi chimene oonera angachigwire kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza, ndipo chingwe chooneka msanga m'bukuli ndi funso loti Natasha adzakwatiwa ndi ndani. Zina zonse zimayezedwa potengera kuti zikuthandiza bwanji funso limeneli. Zochitika zikuluzikulu pafupifupi zonse zilimo m'seweroli, ndipo munthu amene waonera akhoza kufotokoza mutu ndi mchira wa nkhaniyo osaphonya. Koma nthawi yaitali ya pakati pa zochitikazo anaichotsa, ndipo m'bukuli anthu amasinthira mu nthawi imeneyo.

Chitsanzo ndi kugwa kwa Natasha. Andrei atamufunsira, bambo ake a Andrei, mkulu wouma mutu uja, akulamula kuti ukwati udikire chaka chathunthu, ndipo Andrei akupita kunja. Tolstoy sakulumpha chaka chimenechi. Akutikhazika kumudzi ku Otradnoe pamodzi ndi banja la a Rostov, chuma chawo chikutha pang'onopang'ono, masiku akuyenda mwaulesi. Tikuona ulendo wokasaka mimbulu, madzulo a nyimbo kunyumba ya wachibale wina amene onse amangomutchula kuti Amalume, ndi masewera a nyengo ya Khirisimasi. M'kati mwa zonsezi muli mtsikana amene akuyendayenda m'zipinda, kutuma antchito zinthu zopanda pake, kenako n'kuuza amayi ake misozi ili m'maso kuti akumufuna tsopano lino, bwanji unyamata wake ukupita pachabe. Wowerenga amatopa naye limodzi kudikirako. Ndiye pamene akufika ku Moscow, atalandiridwa mozizira kunyumba ya apongozi, n'kukumana ndi Anatole Kuragin ku opera (sewero loyimba), timakhala titadziwa kale kuti nkhuni zauma, zangotsala kuyatsidwa.

Ndime ya ku opera ija ndi imodzi mwa zaluso kwambiri m'bukuli. Natasha wangochokera kumudzi, ndipo Tolstoy akutionetsa seweroli ndi maso ake: matabwa, mapepala opakidwa utoto kuti aoneke ngati mitengo, mayi wonenepa atakhala pa kampando, mwamuna wovala zothina akuyimba n'kumatambasula manja. Natasha akuona kuti zonsezi n'zabodza ndipo akuchita manyazi m'malo mwa ochita sewerowo. Koma pozungulira iye aliyense akusangalala. Magetsi, kutentha kwa m'chipindamo, mapewa osavala a Hélène, mkazi wa Pierre, maso a amuna, zonsezi zikumuledzeretsa, ndipo pofika kumapeto bodza lija sakulionanso ngati lachilendo. Munthu amene waleka kusiyanitsa mtengo weniweni ndi wa pepala ndi yemweyo amene mawa adzakhulupirira Anatole, mwamuna amene anakwatira kale mwachinsinsi ku Poland. Pa kanema zonsezi zimapanikizidwa m'mphindi zochepa: kuyang'anana, kupsompsonana, kalata, chiwembu chothawa usiku. Oonera ambiri amatsala akufunsa kuti mtsikanayu wapenga kapena chiyani. Cholakwacho chimaoneka ngati chibwana chabe, pamene m'buku chinachita kumera kwa miyezi yambiri.

Palinso nkhani ya msinkhu. Natasha timamuona koyamba ali ndi zaka 13, kamtsikana ka pakamwa papakulu, kosakongola koma kamoyo, kakuthamanga ndi chidole m'manja. Lily James anabadwa mu 1989, ndipo pojambula anali ndi zaka za m'ma 25. Anayesetsa, koma mzimayi wamkulu akamachita zachitsikana sizifanana ndi mwana amene tamuona akukula. Ili ndi vuto la sewero lililonse lotenga zaka 15 za moyo wa anthu ndi nkhope zomwezomwezo, ndipo apa sindimuimba mlandu wina aliyense.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mawu a mumtima. Ku Austerlitz, pa 2 December 1805, Andrei akunyamula mbendera n'kuthamangira kutsogolo, chifukwa kwa nthawi yaitali wakhala akulota tsiku lake la ulemerero ngati la Napoleon, amene amamusirira ngakhale ndi mdani. Akumenyedwa m'mutu n'kugwa chagada. Chimene akuona ndi thambo lalitali, mitambo yotuwa ikuyenda phee, ndipo akudabwa kuti anakhala bwanji moyo wonse osaliona. Kenako Napoleon mwiniyo akudutsa pa kavalo, akuyang'ana mnyamata wagona pafupi ndi mtengo wa mbenderayo, n'kuyamikira kuti imeneyi ndi imfa yokongola. Andrei akumva mawuwo ngati kulira kwa ntchentche. Ngwazi yake ija yasanduka kamunthu kakang'ono poyerekeza ndi zimene zikuchitika pakati pa mzimu wake ndi thambolo. Kamera ikhoza kuonetsa thambo, ikhoza kuonetsa nkhope ya James Norton, koma kuchepa kwa Napoleon kukuchitikira m'mutu mwa munthu amene sakugwedezeka n'komwe. Ojambula amakhala ndi njira zitatu zokha: kuika mawu a wosewerayo pamwamba pa chithunzi, kumuchititsa kuti adzanene maganizowo kwa munthu wina, kapena kukweza nyimbo. Nyimbo za Martin Phipps m'seweroli n'zamphamvu, zokhala ndi makwaya a mawu akuya, koma nyimbo imangokuuzani kuti pano pakuchitika chachikulu, osakuuzani kuti chachikulucho n'chiyani.

N'chimodzimodzi ndi ndime ya mtengo wa thundu. M'chaka cha 1809 Andrei, mkazi wake atamwalira pobereka, akudutsa m'nkhalango n'kuona mtengo wokalamba umene wakana kuphuka pamene ina yonse yavala masamba, ndipo akugwirizana nawo kuti moyo wake watha. Usiku ku Otradnoe akumva pawindo Natasha akuuza msuweni wake Sonya kuti sangagone mwezi ukuwala chonchi. Pobwerera akuufunafuna mtengo uja osauzindikira, chifukwa wabiriwira wonse, ndipo akuganiza kuti moyo sutha pa zaka 31. Ukachotsa maganizowo pamatsala mwamuna akuyang'ana mtengo kawiri.

Malo ena Tolstoy amagwiritsa ntchito kusaona. Pierre ali mkaidi wa Afalansa pamene akuthawa kuchoka ku Moscow, ndipo mnzake Platon Karataev, msilikali wamba amene anamugawira mbatata yowotcha ndi mchere usiku umene Pierre anataya chikhulupiriro chonse, wadwala ndipo sakuthanso kuyenda. Wakhala pansi potsamira mtengo, akumuyang'ana Pierre ndi maso oitana. Pierre akunamizira kusaona. Kumbuyo kukumveka kulira kwa mfuti, kenako kagalu kamene kankayenda nawo kakuyamba kulira, ndipo Pierre akupitiriza kuwerengera m'mutu kuti kwatsala maulendo angati kukafika ku Smolensk, n'kumadabwa kuti galuyo akulirira chiyani. Ife owerenga tikudziwa, iyenso akudziwa, koma mtima wake wadzitsekera kuti apulumuke. Ndime ngati imeneyi imagwira ntchito chifukwa tili m'kati mwa mutu umene ukukana kuganiza, ndipo kamera, imene chilichonse imachiona kuchokera kunja, singalowemo.

Mbali imene inautsa mkangano waukulu pamene seweroli linkaonetsedwa ndi ya Hélène Kuragina ndi mchimwene wake Anatole. M'buku nkhani imeneyi ndi mphekesera. Pierre, pamene akulimbana ndi chilakolako chake pa Hélène, akukumbukira kuti anamvapo kuti awiriwa ankakondana mosayenera ndipo n'chifukwa chake Anatole anatumizidwa kutali. Sewero la BBC linawaika pabedi limodzi m'chigawo choyamba chomwe. Ena anati Davies wangonena poyera zimene Tolstoy ananena monong'ona. Ine ndikuona kuti kunong'onako ndiye kunali nkhani. Anthu apamwamba a ku St Petersburg amene Tolstoy akuwajambula amakhala ndi mphekesera, amadziwa zoipa za anzawo mwatheka, ndipo amasankha kusafufuza chifukwa kudziwa kungawasokonezere maphwando ndi maukwati a chuma. Pierre anamva, anakayika, komabe anakwatira. Mlandu wake ndi umenewo. Oonera akaona okha ndi maso, Pierre amangokhala munthu wabwino amene anthu oipa amupusitsa, ndipo Hélène amasanduka mfiti ya m'nthano.

Hélène wa Tolstoy ndi woopsa mwa njira ina. Ndi wokongola ngati chosema cha mwala, amamwetulira mofanana kwa aliyense, ndipo mwamuna wake amadziwa kuti m'mutu mulibe kanthu. Chodabwitsa Pierre n'choti mzinda wonse umamutama kuti ndi mkazi wanzeru zakuya, akazembe amabwera kudzamva maganizo ake, anyamata amawerenga mabuku asanapite kuphwando lake kuti akakhale ndi chonena. Ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo amene akutsutsidwa apa ndi anthu amene amaona kufiira kwa kunja n'kuleka kufunsa za m'kati. Tuppence Middleton anapatsidwa Hélène wochenjera, wa diso lakuthwa, wokonza ziwembu, amene ndi wosangalatsa kuonera koma sanena kanthu za gulu limene likumulambira. Imfa yake nayonso m'buku timangoimva m'macheza a paphwando: pagulu akuti ndi matenda a pachifuwa, kuseri akunong'onezana za mankhwala amene dokotala wina anamupatsa pa cholinga china chake. Anthu omwe ankamutama aja akukamba za matenda ake m'macheza omwewo amene akukambiramo za nkhondo, opanda chisoni chenicheni pa chilichonse. Pa kanema tikumuona ali ndi pathupi, akumwa mankhwalawo, magazi ali ponseponse. Chithunzi chotero chimaoneka ngati chilango cha mkazi wachiwerewere, ndipo kuuma mtima kwa anthu a paphwando aja, kumene Tolstoy ankatiloza, kumabisika kuseri kwa magaziwo.

Za matupi ndingonena mwachidule. Pierre wa m'buku ndi chimunthu chachikulu, chonenepa, cha manja akuluakulu ofiira, chimene chikalowa m'chipinda mwini phwando amachita mantha kuti chiswa kanthu. Mphamvu zake n'zimene zimachititsa mkwiyo wake kukhala woopsa, monga pamene akunyamula mwala wa pathebulo kufuna kumenya Hélène. Paul Dano anasewera bwino kwambiri, mwina kuposa onse, ndipo kufatsa ndi kusokonezeka kwa Pierre anakugwira, koma thupi limenelo alibe. Marya Bolkonskaya, mlongo wake wa Andrei, akuyenera kukhala wosakongola, wa mayendedwe olemera, amene maso ake okha ndi amene amawala. Jessie Buckley anandiliza pa ndime zake ndi Jim Broadbent, amene anali bambo wake wankhanza uja, koma palibe angakhulupirire kuti mkazi ameneyu amuna ankamufunira chuma chokha. Wailesi yakanema imaopa nkhope wamba, ndipo buku ili ladzaza ndi anthu amene kukongola kwawo kumachedwa kuoneka.

Kenako pali chiyankhulo. Buku lalikulu kwambiri la Chirasha limayamba ndi mawu a Chifalansa, ndipo Tolstoy anachita dala. Anthu apamwamba a ku Russia a nthawi imeneyo ankayankhula, kulemba makalata, ngakhale kuganiza m'chiyankhulo cha dziko limene ankamenyana nalo. Pa phwando loyamba lija Ippolit Kuragin akufotokoza nthabwala m'Chirasha chothyokathyoka ngati mlendo. Pierre, atakankhidwira mu ukwati ndi bambo ake a Hélène amene analengeza chinkhoswe iye asanafunsire n'komwe, akufunafuna mawu oyenera kunena pa nthawi yotere, ndipo amene akutuluka ndi a Chifalansa oti ndimakukondani, mawu obwereka a chikondi chobwereka. Mu 1812, Napoleon akuyandikira Moscow, anthu a paphwando lina akugwirizana zolipiritsa chindapusa aliyense amene angatsetsereke lilime n'kuyankhula Chifalansa, ndipo akulephera kumaliza ziganizo zawo. Natasha akavina gule wa anthu wamba kunyumba ya Amalume kuja, wolemba amafunsa modabwa kuti mwana woleredwa ndi mphunzitsi wa ku France anautenga kuti mzimu umenewu. M'seweroli pafupifupi aliyense amayankhula Chingerezi chosalala, ndiye mpata wonse wa pakati pa olamulira ndi dziko limene ankalamulira watsekeka.

Apa ndiyenera kuvomereza mfundo imene oikira kumbuyo Davies angaigwire. Mu 1873 Tolstoy mwiniyo anatulutsa bukuli litakonzedwanso, Chifalansa chija chitasandulizidwa Chirasha, ndipo mitu yambiri ya maganizo ake pa mbiri yakale itachotsedwa m'kati mwa nkhani. Owerenga otchuka nawonso ankadandaula. Mlembi wa ku France Gustave Flaubert, atawerenga bukuli, analembera mlembi mnzake Ivan Turgenev kulitamanda kwambiri, koma anadandaula kuti chakumapeto wolembayo amabwerezabwereza ndiponso amalalikira nzeru. Choncho amene amadula mitu imeneyo sali okha. Komabe zosindikiza zimene anthu amawerenga lero zinabwezeretsa zonsezo, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti maganizowo sakhala m'mitu ya ulaliki yokhayo. Analukidwa m'kati mwa ndime za nkhondo zenizenizo.

Maganizowo ndi akuti anthu otchuka sayendetsa mbiri monga mmene olemba mbiri amanenera. Napoleon anawoloka mtsinje wa Niemen mu June 1812 ndi asilikali mazanamazana a zikwi, ndipo Tolstoy akufunsa kuti zingatheke bwanji kuti chifuniro cha munthu mmodzi chiyendetse miyendo yonseyo. Yankho lake n'loti chochitika chachikulu chimapangidwa ndi zofuna zing'onozing'ono za anthu osawerengeka, ndipo mfumu ndi amene ali kapolo wamkulu wa mbiri chifukwa ndi womangidwa ndi onsewo. Amatsutsa olemba mbiri amene ankati Afalansa sanapambane kotheratu ku Borodino chifukwa Napoleon anali ndi chimfine. Amationetsa malamulo akuchoka kwa mkulu wa nkhondo, n'kufika mochedwa kumalo kumene zinthu zasintha kale, ndi amithenga akubwera ndi malipoti a zinthu zimene sizilinso zoona. Kutuzov amamulemekeza chifukwa nkhalambayo, ya diso limodzi, imene inagona tulo pa msonkhano wokonza nkhondo ya ku Austerlitz, imadziwa kuti singalamule chimene chikuchitika, ndipo imadalira kudekha ndi nthawi.

Taonani mmene amalembera Borodino, nkhondo ya pa 7 September 1812 imene anthu pafupifupi 70,000 anafa kapena kuvulala tsiku limodzi. Amatipatsa maso a Pierre, munthu wamba wovala chipewa choyera amene sakumvetsa chilichonse ndipo asilikali akumuseka. Gulu la Andrei likuima kumbuyo tsiku lonse podikira lamulo, mizinga ikuwagwera, ndipo likutaya anthu ochuluka osawombera chipolopolo ngakhale chimodzi. Andrei akungoyendayenda pa udzu, kuwerenga mapazi ake, kununkhiza timaluwa timene wathyola, mpaka bomba likugwa pafupi n'kumazungulira ngati nguli, iye n'kuchita manyazi kudzigwetsa pansi pamaso pa asilikali ake. Msonkhano wa ku Fili, kumene anagamula zosiya Moscow m'manja mwa adani, tikuuona ndi maso a Malasha, kamtsikana ka zaka 6 ka m'nyumba ya mlimi imene akuluakuluwo asonkhanamo, kamene kakhala pamwamba pa ng'anjo n'kumangoona kuti agogo aja akukangana ndi bambo wa chovala chachitali. Wolemba akuchotsera dala nkhondo ulemerero wake.

Kanema amakoka molowera kwina. Kuti oonera asasokonezeke, nkhondo iyenera kukhala ndi mbali ziwiri zooneka, mapu pathebulo, mkulu wolamula, ndi zotsatira za lamulolo. Kamera imafuna nkhope imodzi pakati pa chithunzi, ndipo nkhope imene yaikidwa pakati imaoneka ngati ndi imene ikuyendetsa zinthu. Brian Cox anali Kutuzov wabwino, wotopa ndi wanzeru, ndipo Mathieu Kassovitz anali Napoleon, koma sewero likangowaika moyang'anizana ngati osewera awiri, labwerera kale ku mbiri ya anthu otchuka imene bukuli linalembedwa kuti liigwetse. Utsi, akavalo ndi nyimbo zimachititsa nkhondo kukhala yokoma m'maso ngakhale ojambula atafuna kuti ikhale yonyansa. Bondarchuk, amene anapatsidwa asilikali zikwizikwi a Soviet Union kuti ajambule nawo, anagwa m'mbuna yomweyo mozama kuposa, ngakhale kuti iye anayesako kukweza kamera m'mwamba kuti anthu aoneke ngati nyerere.

Anthu wamba nawonso amazimirira m'kufulumiraku. Chuma chonse cha mabanja awa chinali pamsana pa alimi amene anali katundu wa eni minda, dongosolo limene linathetsedwa mu 1861, Tolstoy atatsala pang'ono kuyamba kulemba. Bukuli limaonetsa Pierre akuyendera minda yake ndi mtima wofuna kumasula anthu ake, kapitawo wake n'kumukonzera zionetsero za alimi othokoza pamene katundu wawo wangolemera, ndipo iye akubwerera ali wokhutira. Nkhani zotere sizithandiza funso la ukwati wa Natasha, ndiye zimafupikitsidwa, ndipo alimi amatsala ngati mbali ya malo okongola amene olemera akudutsamo.

Mathero ndi pamene kusiyana kumaonekera poyera. Seweroli limatha ndi mabanja awiri, la Pierre ndi Natasha ndi la Nikolai ndi Marya, atakhala pamodzi panja dzuwa likuwala, ana akusewera, mabala onse atapola. Tolstoy sanathere pamenepo. M'buku ndi December 1820, m'nyengo yozizira, ndipo Natasha ndi mayi wonenepa wa ana anayi amene anasiya kuyimba ndi kudzikongoletsa, wansanje, wosangalala ndi thewera la mwana amene wachira. Owerenga ambiri zimawawawa, koma wolemba sanafune kutinamiza kuti unyamata umakhalitsa. Sonya, amene anadikira Nikolai zaka zonse zija, akukhala m'nyumba ya mwamuna amene anakwatira wina, akuthira tiyi, ndipo Natasha akumutchula duwa losabala. Pierre wangobwera kuchokera ku St Petersburg ndi nkhani yoti boma lavunda ndipo anthu oona mtima ayenera kugwirizana. Nikolai, mlamu wake ndi bwenzi lake, akumuyankha kuti ngati Arakcheev, nduna yoopedwa ya mfumu, atamulamula kuti atsogolere asilikali kukadula Pierre ndi anzakewo, sangazengereze ngakhale pang'ono.

Pakona pa chipindacho pakhala mnyamata wa zaka 15, Nikolenka, mwana wa malemu Andrei, amene aliyense wamuiwala, akumvetsera mpaka kuthyola zolembera za pathebulo osadziwa. Usiku umenewo akulota iye ndi Pierre akutsogolera gulu lalikulu la nkhondo, ndipo akudzuka akulonjeza kuti adzachita chinthu chimene ngakhale bambo ake angakondwere nacho, ludzu lomwe lija limene linagwetsa Andrei chagada ku Austerlitz. Wowerenga wa ku Russia wa 1869 ankadziwa chimene chinali kutsogolo. Mu December 1825 gulu la akuluakulu a asilikali linaukira mfumu ku St Petersburg, asanu ananyongedwa, ndipo ena oposa 100 anatumizidwa ku Siberia. Tolstoy anayamba ntchito yonseyi akufuna kulemba za mmodzi wa anthu amenewo akubwerera kwawo ali nkhalamba mu 1856, ndipo dzina la nkhalambayo m'zolemba zake zoyambirira linali Pierre.